Ndavomera kumuwerengera wophunzira wosaona, ndiyambire pati?

Tadala:
Moni nonse. Ndili ndi funso, musandiseke. Sabata yatha ndinalembetsa dzina pa anthu odzipereka kuthandiza ophunzira osaona, ndiye dzulo andiimbira kuti andipezera mtsikana amene wangoyamba kumene maphunziro a zamalamulo ku yunivesite. Akuti tizikumana kawiri pa sabata, ndizimuwerengera mabuku ndi manotsi. Ndinavomera msangamsanga, koma usiku tulo sitinabwere. Sindinachezepo nthawi yaitali ndi munthu wosaona, Braille, kalembedwe ka timadontho kamene osaona amawerenga ndi zala, sindidziwa ngakhale chilembo chimodzi, zamalamulo ndiye n'kutalitali. Amene munachitapo zimenezi, ndiyambire pati? Ndikuopa kukamulakwira tsiku loyamba lomwe.

Mphatso:
Kuwerenga basi? Ndiye mwaphweka nazo achemwali. Mungotenga madzi akumwa, pakhosi pamauma.

Limbani:
Achemwali a Tadala, ine ndine mmodzi wa anthu amene anawerengeredwa. Ndinasiya kuona ndili ndi zaka 9, ndipo kuyambira ku sekondale mpaka kumaliza digiri ndinadutsa m'manja mwa owerenga ambiri. Ena ndimawakumbukira mpaka lero. Ena ndinkati ndikamva mapazi awo pakhomo, mtima unkangoti fwaa.

Braille musadandaule nayo, simukuifuna kuti muyambe. Zamalamulozo ndi zake, si zanu. Tsiku loyambalo musapite ndi dongosolo lanu la m'mutu. Mukakhale pansi, mumufunse mwini wake kuti amaphunzira bwanji. Wina amafuna muwerenge mothamanga, akuimitseni yekha pamene pamuvuta. Wina amafuna mujambule mawu anu pa foni kuti akamvetsere usiku ali phee. Wina mawu anuwo sawafuna n'komwe, akungofuna mumusandutsire buku la pepala likhale fayilo yoti kompyuta imuwerengere. Safunsa anadya phula.

Koma chachikulu ndi ichi: muwerenge zimene zalembedwa, zonse. Chaka changa chachiwiri ndinali ndi bambo ena amtima wabwino zedi amene ankandiwerengera buku la mbiri yakale. Akafika pa timawu ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tsamba, ankadumpha. Akafika pa tebulo ankati "apa ndi manambala chabe". Ndime ikatalika ankandiuza mfundo yake mwachidule, m'mawu awoawo. Iwo ankaona ngati akundipeputsira katundu. Mayeso atabwera, funso lina linachokera pa tebulo lomwe lija. Anzanga oona analiona tebulolo, ngakhale mongodutsitsa maso. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti m'bukumo muli tebulo lotero.

Inu muzinena kuti "apa pali tebulo la mizere 6", iye ndiye anene kuti werengani kapena pitirirani. Wodumpha akhale mwini maphunziro.

Tadala:
Zikomo achimwene. Mwandigwira ndisanalakwe, chifukwa ine ndimaganiza kuti ubwino wanga ukhala womwewo, womufotokozera mwachidule kuti asatope.

Limbani:
Akatopa adzanena yekha. Ndipo poti ndi zamalamulo, mayina a milandu ndi a anthu muziwatchula chilembo ndi chilembo mukakumana nawo koyamba. Nambala ya tsamba muziinenanso nthawi iliyonse mukatembenuza, chifukwa polemba asainimenti adzafunika kusonyeza tsamba limene watenga mfundo. Pamene wolemba wayamba kugwira mawu a munthu wina ndi pamene wamalizira, nenani. Zimamveka zachilendo masiku awiri oyamba, kenako pakamwa pamazolowera.

Chikondi:
Koma anthuni, ndifunse nawo. Masiku ano tikufunabe munthu wokhala pampando n'kumawerengera mnzake? Pali mapulogalamu owerenga mokweza zolembedwa pa foni ndi pa kompyuta: foni za Android zili ndi TalkBack, iPhone ili ndi VoiceOver kuyambira 2009, pa kompyuta pali NVDA yomwe ndi yaulere. Palinso Be My Eyes, ukangodina umalumikizana ndi munthu woona kudzera pa kamera. Ine ndimaona ngati nthawi ya mavolontiya bola ikanapita pophunzitsa ana amenewa zipangizo, m'malo mowazoloweretsa kudalira anthu.

Limbani:
Achimwene a Chikondi, uthenga wanuwu wandiwerengera NVDA yomweyo, ndipo ndikukuyankhani nayo. Sindingainyoze. Anaiyamba ndi Michael Curran mu 2006 ku Australia, James Teh n'kulowapo, onse awiri osaona. Inandichotsa pa ukapolo wodikira munthu kuti andiwerengere kalata yanga yomwe.

Koma imawerenga malemba, siwerenga chithunzi. Mphunzitsi akatenga buku lakale, n'kulijambula pa sikana mopendekeka, n'kutumiza kwa kalasi yonse, kwa ine fayilo imeneyo ili ngati pepala lopanda kanthu. Pali mapulogalamu osandutsa chithunzi kukhala malemba, inde, koma amalakwitsa. Nambala 1 amaisandutsa chilembo l. Zilembo r ndi n zikayandikana amaziyesa m. Tsamba la madanga awiri amatha kulisakaniza, mzere wa kumanzere n'kuulumikiza ndi wa kumanja, n'kutuluka chiganizo chopanda mutu. Tangoganizani gawo 11 la lamulo litasanduka "ll". Amene angaone kuti palakwika ndani? Munthu woona, atagwira buku lenilenilo pambali. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, palibe amene amakuombera m'manja, koma mwa zonse zimene mavolontiya anandichitira ndi imene inandipindulira kwambiri.

Be My Eyes inayamba ku Denmark mu 2015, anaiganiza ndi Hans Jørgen Wiberg. Ndi yabwino pofuna kudziwa mtundu wa malaya kapena tsiku limene mankhwala atha mphamvu. Simungamusunge mlendo pa kamera maola awiri kuti akuwerengereni masamba 40.

Chikondi:
Za sikanazo sindinaziganize. Ndiye kuti vuto ndi amene akutumiza mafayilowo.

Limbani:
Theka la vuto ndi limenelo. Aphunzitsi akanamatumiza manotsi monga anawalembera pa kompyuta, owerenga ambiri akanapuma.

Mayi Nachisale:
Ana anga, ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ndaphunzitsa ana osaona zaka zambiri mpaka kupuma, ndiye mundilole ndilankhuleko za Braille, chifukwa ndaona mukuidutsa ngati chinthu cha makolo.

Kumvetsera si kuwerenga. Mwana amene wakula ndi makutu okha amadziwa nkhani yonse ya m'buku, koma muuzeni alembe kalata muone. Sadziwa pamene mawu amathera, sadziwa poika mpumiro, mayina amawalemba momwe amamvekera. Si kuti ndi wofooka m'mutu, koma sanakhudzepo mawuwo. Mwana woona amaphunzira kalembedwe osadziwa n'komwe, pongoona zikwangwani m'njira. Wathuyu zikwangwani zake ndi zala.

Louis Braille anabadwa mu 1809 ku Coupvray, ku France. Anadzilasa m'diso ali ndi zaka 3 akusewera ndi chida chobowolera zikopa cha bambo ake, matenda n'kufalikira ku diso linalo. Kalembedwe kameneka anakakonza ali ndi zaka 15, mu 1824, n'kukasindikiza mu 1829. Timadontho 6 tokha, awiri m'lifupi atatu kutsika, timene timakwana pansi pa nsonga ya chala chimodzi, ndipo timatulutsa zizindikiro 63. Chimene chimandipweteka pa mbiri yakeyi n'chakuti sukulu ya ku Paris imene iye anaphunzirako ndi kuphunzitsako inadzavomereza kalembedweka mu 1854, mwini wake atamwalira kale mu 1852. Ana osaona ankakakonda kuyambira pachiyambi. Amene ankakayikira anali akuluakulu oona, poti iwowo sankatha kukawerenga. Ndiye a Tadala, nkhani ya bambo odumpha tebulo ija si yatsopano. Oona kusankhira osaona kunayamba kale.

Chikondi:
Amayi, ulemu wanu, koma Braille ndi yolemera. Tsamba limodzi losindikizidwa limadya masamba angapo a Braille, pepala lake ndi lokhuthala, buku limodzi limasanduka mulu. Wophunzira zamalamulo adzanyamula bwanji zonsezo?

Mayi Nachisale:
Mwana wanga, sindinanene kuti mabuku onse a ku yunivesite adindidwe mu Braille. Ndikunena kuti munthu akhale ndi cholembera chake. Makina olembera Braille a Perkins, amene anayamba kupangidwa mu 1951, ali ndi mabatani 6 a timadontho ndi limodzi losiyira mpata, safuna magetsi, ndipo ena amene ndinawapeza nditayamba ntchito ndinawasiya akugwirabe. Nanga masamu? Tayesani kuwerengera funso lalitali la masamu ndi makutu okha, mutu udzazungulira. N'chifukwa chake Abraham Nemeth, katswiri wa masamu wosaona wa ku America, anakonza kalembedwe ka masamu mu Braille kamene kanatuluka mu 1952.

Limbani:
Amayi akunena zoona, ngakhale ine ndimagwiritsa ntchito zonse. Kuntchito ndikamalankhula pa msonkhano, mfundo zanga zimakhala pa Braille pansi pa zala, chifukwa sungamalankhule uku kompyuta ikukunong'oneza m'khutu. Kungoti si wosaona aliyense amene amaidziwa. Amene wasiya kuona atakula imamuvuta, ndipo odwala shuga ena zala zimachita dzanzi, timadontho satimva bwino. Ndiye achemwali a Tadala, mukapeza mtsikanayo sagwiritsa ntchito Braille, musakayambe ulaliki.

Bambo Mbewe:
Ine ndakhala ndikugwirizanitsa mavolontiya ndi ophunzira kwa kanthawi, ndiye ndinene zimene anzanga amachita nazo manyazi. Anthu amabwera ndi moto mwezi woyamba. Pofika mwezi wachitatu foni siyankhidwa. Ndipo amasowa nthawi imodzimodzi, pamene mayeso ayandikira, poti nawonso atanganidwa.

Munthu woona buku likamusowa amabwereka kwa mnzake usiku womwewo. Wosaona ngati mutu wa sabata ino sunakonzedwe, ndiye kuti akalowa m'kalasi osawerenga. Fayilo yokonzedwa bwino kwambiri imene yafika patatha masabata atatu ilibe ntchito, kalasi yapita kale. Ndiye mayi Tadala, ngati mukuona kuti kawiri pa sabata simukwanitsa mpaka kumapeto kwa chaka, nenani lero kuti kamodzi. Ine bola munthu wa ola limodzi amene amabweradi. Tsiku limene simubwera, muuzeni dzulo lake, osati iye atakhala kale pampando akumvetsera chitseko.

Tadala:
Bambo, kawiri ndikwanitsa, kupatula sabata yomaliza ya mwezi imene kuntchito kumakhala kothina. Ndimuuziratu. Koma ndili ndi funso lina. Kujambula buku lonse pa sikana si mlandu? Mabuku aja amalemba kutsogolo kuti osakopera popanda chilolezo.

Bambo Mbewe:
Funso labwino, ndipo mtsikana wanu wa zamalamuloyo adzalikonda. Pali pangano la Marrakesh, limene mayiko anagwirizana ku Morocco mu 2013, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2016. Limati mabungwe ovomerezeka atha kusandutsa buku kukhala Braille, mawu omvetsera kapena fayilo yowerengeka popanda kupempha kwa mwini bukulo, ndiponso atha kutumizirana mabukuwo kudutsa malire a mayiko. Linabwera chifukwa bungwe la World Blind Union linkadandaula kuti mabuku amene osaona angathe kuwawerenga sakwana 10 pa 100 alionse osindikizidwa. Koma dziko lililonse limayenera kuika panganoli m'malamulo ake, ndiye musamangochita panokha. Dzerani ku laibulale ya pa sukulupo kapena ku ofesi yoona za ophunzira olumala. Musanayambe kutembenuza masamba 500, afunseninso ngati sangalembere osindikiza bukulo kupempha fayilo yake. Nthawi zina amapereka. Fayiloyo ikhale ya wophunzirayo, isayende m'kalasi monse.

Mphatso:
Ndaponya chithunzi pamwambapa, chikufotokoza bwinobwino mmene mungayendere ndi munthu wosaona 😂😂😂😂😂

Limbani:
Mphatso, kompyuta yanga yangoti "chithunzi", kenako yandiuza kasanu konse kuti pali nkhope yoseka mpaka misozi. Ndadikira kuti mwina yachisanu ikhala yosiyana.

Mphatso:
Aaa pepani achimwene, ndagwa nayo. Chikusonyeza anthu awiri akuyenda, wosaonayo wagwira mkono wa mnzake.

Limbani:
Ndiye mwafotokozatu, sizinavute. N'zoonadi. Iye ndiye agwire inu, pamwamba pang'ono pa chigongono, inu mukhale patsogolo theka la sitepe. Thupi lanu likakhota iye amamva. Musamukankhe kumbuyo, musamukoke dzanja, ndodo yake yoyera musaigwire. Pa masitepe imani pang'ono, munene ngati akukwera kapena kutsika. Pa mpando ikani dzanja lake pa chotsamira, ena onse achita yekha. Mukamachoka m'chipinda nenani, chifukwa palibe chochititsa manyazi ngati kupeza kuti wakhala ukuyankhula ndi mpando. Ndipo mawu oti "tionana mawa" musawaope, nafenso timatero.

Yamikani:
Ndakhala chete chifukwa nkhani yanga ndi yochititsa manyazi, koma mwina ithandiza wina. Ndinalemberapo mnyamata wina mayeso, iye akunena ine ndikulemba. Pa funso lina anatchula chaka cholakwika. Ine chaka cholondola ndinkachidziwa. Dzanja linangolemba cholondolacho. Sindinamuuze tsiku limenelo. Patapita masiku ndinamuuza moseka, ndikuyembekeza kuti athokoza. Anakhala duu nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti ndi pati penanso pamene ndinasintha. Ndinati palibe. Anati iye alibe njira yodziwira zimenezo. Sanandipemphenso kumulembera.

Mphatso:
Koma pamenepa anawonjeza. Chaka chimodzi chokha? Munthu wamupulumutsa malikisi.

Mayi Nachisale:
Sanawonjeze. Achimwene a Yamikani, mwachita bwino kunena, koma munamubera mwanayo. Pepala lija linali lake, zolakwa zake zomwe. Wolembera amalemba zimene wauzidwa, akapemphedwa amawerenganso mokweza zimene walemba, basi. Ngakhale nkhope ndi mpweya muzisamala. Ndinaonapo wolembera amene mwana akalakwitsa ankapumira m'mwamba, mwana n'kudziwa kuti abwerere. Kumeneko n'kuonera ndithu.

Limbani:
Mphatso, tamvani chifukwa chake zimawawa. Aliyense wa ife amene ali ndi digiri anafunsidwapo, mwina moseka, kuti "koma analemba ndi inuyo?" Anthu amakayikira kale kuti pepala la wosaona ndi nzeru za amene anagwira cholembera. Chokhacho chimene timayankha nacho n'chakuti tikudziwa mumtima kuti mawu onse anali athu. Mnyamata uja a Yamikani anamulanda chimenecho. Malikisi awiri sangalipire.

N'chifukwa chake masiku ano ndimalimbikitsa achinyamata kupempha kulemba mayeso pa kompyuta okha, ndi nthawi yowonjezera, kumene zingatheke. Wolembera akhale njira yomaliza.

Yamikani:
Ndinazimvetsa mochedwa. Chinandipweteka n'chakuti sanakalipe n'komwe.

Dalitso:
Ndilowetseko mbali ya ntchito, chifukwa ine ndimakhala nawo pa gulu lofunsa anthu ofuna ntchito. Ndinene chilungamo. Munthu wosaona akalowa m'chipinda, mafunso amene ali pa pepala amafunsidwa, koma m'mitu mwa ofunsa mumayenda mafunso ena amene sawatulutsa: azifika bwanji kuno m'mawa, makalata aziwerenga bwanji, kodi sitidzafunika kulemba munthu wachiwiri womuthandiza? Poti safunsa, sayankhidwa, ndiye akamasankha amangoti "winayu ndiye anayankha bwino".

Ndinaonapo mayi wina akuthana nazo mwanzeru. Anabwera ndi laputopu yake, n'kupempha kuti timupatse kalata iliyonse pa kompyuta. Anaitsegula, makina akulankhula mothamanga moti ife sitinamve ngakhale liwu limodzi, iye n'kutiuza zimene zili m'kalatamo, n'kulemba yankho pomwepo. Mphindi zitatu zokha, mantha onse anatha. Ngati pali volontiya amene akufuna kuthandiza pa za ntchito, ayeseze naye zimenezi. Amuonerenso CV ngati mizere yaima bwino, poti kompyuta imawerenga mawu koma siimuuza kuti tsamba likuoneka losokonekera. Mafomu a pa intaneti ena amafuna uzindikire zilembo zopindika za pa chithunzi usanatumize, pamenepo pamafunika maso a munthu. Ndiponso kuyenda naye njira ya ku malo a intavyu dzulo lake, kuti tsikulo akalowe yekha.

Chikondi:
Ndiye anene mu kalata yofunsira ntchito kuti ndi wosaona, kapena angotulukira?

Dalitso:
Ine ndimati anene akaitanidwa ku intavyu, osati mu kalata yoyamba. Akanena koyambirira, ena amamuchotsa mwakachetechete ndipo sadzadziwa chifukwa. Akangotulukira osanena, ofunsa amadzidzimuka, mwinanso akonza mayeso a pa pepala.

Limbani:
Ine ndinkanena mu kalata yoyamba, dala. Ndinatopa kuvala bwino, kuyenda ulendo, n'kukamva mawu a munthu akusintha ndikangolowa. Ndinkati amene sakundifuna andikane ndili kunyumba. Koma anzanga ena amachita monga a Dalitso akunenera ndipo zinawayendera. Apanso volontiya asasankhe. Afotokoze mbali zonse ziwiri, mwini wake aone chimene mtima wake ungapirire.

Mayi Nachisale:
Ndipo muziwauza ana amenewa za anzawo amene anapita patali. Nicholas Saunderson anasiya kuona ali khanda chifukwa cha nthomba, koma mu 1711 anakhala pulofesa wa masamu ku Cambridge, pa mpando umene Isaac Newton anakhalapo. Taha Hussein anakhala nduna ya zamaphunziro ku Egypt mu 1950. Helen Keller, wosaona ndi wosamva, anamaliza digiri ku Radcliffe mu 1904, Anne Sullivan atakhala pambali pake m'kalasi kumulembera m'dzanja zimene aphunzitsi akunena.

Limbani:
Amayi, mayina amenewa ndinakula nawo, ndipo munkachita bwino kutiuza. Koma mundikhululukire, pena amalemera. Anthu amatiika pawiri pokha: wopemphetsa kapena chozizwitsa. Ine sindinkafuna mpando wa Newton. Ndinkafuna ntchito wamba, ya malipiro a pa mwezi, yoti Lolemba ndizidandaula nayo ngati wina aliyense. Chimene chinandithandiza kwambiri si mbiri ya anthu otchuka, koma tsiku limene volontiya wina anandilumikiza ndi bambo wosaona amene ankagwira ntchito ya muofesi. Ndinawafunsa zinthu zazing'ono: mumasaina bwanji, mumadziwa bwanji amene walowa mu msonkhano, bwana akakupatsani pepala la pamanja mumatani. Ola limodzi lomwelo linaposa malangizo a zaka zinayi.

Chinanso, alangizi oona amakonda kutikankhira ku ntchito zomwezomwezo, uphunzitsi, kuimba, kuyankha mafoni. Ndi ntchito zabwino kwa amene wazifuna. Koma mwana akati akufuna zamakompyuta kapena zamalamulo, yankho lisakhale "koma zimenezo zikuvuta". Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala la 2006, gawo 24 likunena za maphunziro, gawo 27 za ntchito, ndipo onse awiri akuti sukulu ndi malo a ntchito azisintha zimene zingasinthike kuti munthuyo akwanitse. Silikunena kuti munthuyo asinthe maloto.

Mayi Nachisale:
Wandigonjetsa mwana iwe. Ndimaiwala kuti ana anga anakula.

Tadala:
Ndabwerako! Ndinalonjeza mumtima kuti ndidzakuuzani.

Ndinafika ndi botolo la madzi monga ananenera a Mphatso, nditakonzeka kuwerenga. Iye anati mabuku adikire. Chimene chimamusowetsa mtendere n'chakuti njira yochokera kumene amagona kupita ku laibulale sakuidziwa bwino, ndiye amadikira anzake. Tinayenda njirayo katatu. Koyamba atandigwira mkono, kachiwiri ali ndi ndodo ine pambali, kachitatu ine kumbuyo nditatseka pakamwa. Pa ulendo wachitatuwo anakhotera kolakwika ndipo lilime linandiyabwa, koma ndodo inagunda udzu m'malo mwa simenti, anaima, n'kubwerera yekha. Zizindikiro zake si zimene ine ndikanamuuza. Ine ndimati "pali nyumba yofiira". Iye amati pamene pansi payamba kutsetsereka, ndi pamene phokoso la makina oziziritsa mpweya limamveka kumanja.

Kenako tinawerenga. Anandiuza kuti ndikuchedwa kwambiri, ndiponso ndisiye kusintha mawu ngati ndikuchita sewero, ndizingowerenga. Ndipo achimwene a Limbani, musaseke: ndinadumpha kamodzi ka timawu ta m'munsi mwa tsamba osadziwa. Anandiimitsa n'kufunsa kuti nanga bwanji manambala a timawuto achoka pa 14 kufika pa 16.

Ndinalakwitsanso kamodzi. Nditamuperekeza ndinamukonzera pa tebulo pake, makapu uku mabuku uku. Anandipempha mwaulemu kuti ndibwezere chilichonse pamene chinali.

Mphatso:
Madzi aja anathandiza koma?

Tadala:
Anamwa ndi iyeyo.

Bambo Mbewe:
Za sabata yomaliza ya mwezi munamuuza?

Tadala:
Ndinamuuza bambo. Wati sabata imeneyo ndizimujambulira mawu usiku n'kutumiza, fayilo iliyonse ndiitchule dzina la buku, mutu ndi masamba, osati "rekodi 1, rekodi 2". Koma Lachinayi kuli tebulo lalikulu, madanga 5 mizere 12, ndaliona kale. Limeneli ndiliwerenga bwanji kuti asasokonezeke?

Limbani:
Yambani ndi kumuuza kukula kwake monga mwatiuziramu, madanga 5 mizere 12. Kenako mitu ya madanga onse. Mukatero muziwerenga mzere umodziumodzi, nambala iliyonse muziitchula pamodzi ndi mutu wa danga lake, mpaka iye atakuuzani kuti mitu waigwira. Bokosi lopanda kanthu munene kuti mulibe kanthu, musalidumphe, apo ayi manambala onse asunthira kumanzere m'mutu mwake. Mwina adzafuna mutsike ndi danga limodzi lokha kuti ayerekeze. Ngati ali ndi kompyuta, mufunseni ngati sangakonde kuti mungomulembera tebulolo mu Excel, aziyendamo yekha ndi mabatani.

Tadala:
Excel ndiye ndimaidziwa. Ndimufunsa usiku uno.